Kutulutsa haidrojeni m'madzi pogwiritsa ntchito magetsi pa pulesha yaikulu: mafunso ndi mayankho ochokera pakhonde la shopu ku Kasungu

Ntchito yanga ndi yoika mapampu a sola pa zitsime ndi m'madimba kuno ku Kasungu, ndipo Loweruka masana pakhonde la shopu yanga pamadzaza achinyamata okonda zamagetsi. Chiyambire pamene William Kamkwamba wa ku Wimbe anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotola, mwana aliyense wa kuno wokonda waya amakhulupirira kuti manja ake angathe chilichonse, ndipo mtima umenewo ndimaunyadira. Koma masiku ano funso lasintha. Ambiri aona pa YouTube anthu akutulutsa gasi m'madzi, ndiye akufuna kumupopera m'silinda kuti aziphikira kapena kuwotcherera. Amati safunsa anadya phula, koma pankhani iyi wosafunsa atha kutaya maso kapena dzanja. N'chifukwa chake ndalemba mafunso amene amabwera kawirikawiri pamodzi ndi mmene ndimayankhira.

Kodi makina otulutsa gasi m'madzi amachita chiyani kwenikweni?

Madzi ndi haidrojeni ndi okosijeni zogwirana. Mukadutsitsa magetsi a DC, onga a batire, pakati pa zitsulo ziwiri zomizidwa m'madzi, ziwirizi zimalekana: haidrojeni amatulukira ku chitsulo cha negetivu, okosijeni ku cha pozitivu, ndipo haidrojeni amachuluka kawiri kuposa mnzakeyo. Anayamba kuonetsa zimenezi ndi William Nicholson ndi Anthony Carlisle ku London mu 1800. Makina ake amatchedwa electrolyser. Pa masamu, selo imodzi, kutanthauza zitsulo ziwiri zija ndi madzi a pakati pake, imafuna mavoti 1.23, koma pantchito yeniyeni imadya 1.8 mpaka 2, ndipo otsalawo amasanduka kutentha. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya haidrojeni pamafunika malita 9 a madzi oyeretsedwa ndi mayunitsi a magetsi 50 mpaka 55. Amene amagula mayunitsi a ESCOM aona kale kuti uyu si gasi waulere.

Nanga pulesha ikubwerapo bwanji? Bwanji osangomulandira mmene akutulukira?

Haidrojeni ndi wopepuka kwambiri, pafupifupi maulendo 14 kuposa mpweya umene timapuma. Kilogalamu imodzi, mukaisiya osaipanikiza, imadzaza malita oposa 11,000, ndiye kuti madiramu a malita 200 oposa 55. Mukaipanikiza kufika pa 30 bar (bar ndi muyezo wa pulesha) imakwana m'madiramu awiri. Tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi 2 kapena 2.5 bar, pamene silinda ya okosijeni ya wowotcherera ikadzaza imakhala pa 150 kapena 200 bar.

Chosangalatsa n'chakuti electrolyser imatha kudzipangira yokha pulesha. Mukatseka potulukira, gasi amapitiriza kupangika ndipo pulesha imakwera, ndipo kuti ifike 30 bar selo imangofuna mavoti owonjezera pafupifupi 0.05 pa masamu. Zimenezi zimapulumutsa gawo loyamba la kompuresa, lomwe ndi lodula komanso lofafa. Apa ndi pamene pali msampha. Kupanga pulesha n'kosavuta, mwana atha kupanga ndi botolo la Fanta. Chovuta ndi kuisunga zaka khumi popanda kudontha ndi popanda magasi awiri aja kusakanikirana. Pa 30 bar, sentimita iliyonse ya sikweya imakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 30. Chivundikiro chozungulira cha masentimita 50 m'mimba mwake chimasenza pafupifupi matani 60, omwe ndi matumba a feteleza 1,200. Ndikawerengera anyamata zimenezi pa kabokosi ka machesi, phokoso la pakhonde limayamba lazirala.

Achimwene, ine ndayesa kale ndi masipuni awiri, madzi a mchere ndi batire la njinga yamoto. Zikutheka. Cholakwika n'chiyani?

Mnyamata wina anabwera nazo ndithu m'botolo la mayonesi. Pasanathe theka la ola madzi anali atasanduka achikasu mobiriwira, pansi pali matope ofiirira, sipuni ya ku pozitivu itadyeka timaenje ngati tsamba la fodya lomwe lagwidwa ndi mbozi. Pakamwa pa botolo pankanunkha ngati Jik. Fungo limenelo ndi klorini: mchere wa patebulo uli ndi chloride, ndipo ku pozitivu umatulutsa gasi woononga mapapo. Mtundu wa madziwo unachokera ku sipuni imene inkasungunuka, ndipo stainless steel akamadyeka chotere atha kusiya m'madzimo chromium wa mtundu umene umayambitsa khansa. Madzi otero musawataye m'dimba kapena pafupi ndi chitsime.

Choopsa kuposa zonse n'chakuti m'botolo limodzi haidrojeni ndi okosijeni amatuluka osakanikirana kale, pamlingo weniweni wophulikira. Amene amagulitsa zida za HHO, zotulutsa gasi wosakanikirana yemweyu, sanena zimenezi momveka. Gasi wosakaniza chotere sasungidwa ndipo sapanikizidwa, ngakhale pang'ono. Mng'ono wanga, ngati ukufuna kuonetsa anzako kusukulu, gwiritsa ntchito soda wophikira m'malo mwa mchere, makala a m'kati mwa pensulo m'malo mwa masipuni, chiwiya chotsegula kukamwa, ndipo uchitire panja.

Ndiye makina enieni alipo a mitundu ingati, ndipo woyenera kuno ndi uti?

Ofala ndi awiri. Wa alkaline ndiye wakale. Mumayenda madzi osungunuliramo potassium hydroxide, magawo 25 mpaka 30 pa 100 alionse, otentha madigiri 60 mpaka 90. Mankhwalawa, amene muno tiziwatcha soda, ndi achibale a soda wopangira sopo, komanso a chidulo chimene amayi athu amatcheza kuchokera ku phulusa pophika therere, kungoti awa ndi aukali kwambiri moti amaotcha khungu. Ubwino wake ndi wakuti zitsulo zake ndi zopezeka, makamaka nickel. Aneba athu ku Zimbabwe anali nawo: fakitale ya Sable Chemicals ku Kwekwe inkatulutsa haidrojeni m'madzi pogwiritsa ntchito magetsi kuchokera m'zaka za m'ma 1970 mpaka 2015, n'kumapanga ammonia wa feteleza. Mlimi wa chimanga wa ku Santhe kapena ku Chamama aone pamenepa kuti nkhaniyi ikumukhudza, chifukwa nayitrojeni wa m'thumba la urea amachokera ku ammonia, ndipo ammonia sapangika popanda haidrojeni.

Wachiwiri ndi wa PEM (proton exchange membrane), amene anayambitsidwa ndi General Electric m'zaka za m'ma 1960. Mulibe soda, mumangolowa madzi oyera, ndipo pakati pamakhala nembanemba ya pulasitiki yotchedwa Nafion imene DuPont inatulukira. Ndi waung'ono, amatsatira msanga magetsi akamakwera ndi kutsika, ndipo amapirira pulesha yosiyana mbali ziwiri. Koma m'kati mwake muli ukali wa asidi, ndiye amafuna titanium, platinum ndi iridium. Iridium dziko lonse limakumba matani 7 kapena 8 okha pachaka, ambiri mwa iwo ku South Africa.

Ine maganizo anga ndi awa. Kwa makina aang'ono oyendera sola, monga a labotale ya sukulu kapena odzazira mabaluni oyezera nyengo, PEM ndiye wabwino. Kwa fakitale yokhala ndi magetsi osaduka, alkaline ndi wotsika mtengo ndipo amisiri athu angamuphunzire msanga.

Chitsulo chiti chimene chimakhalitsa?

Yankho limadalira mbali imene chitsulocho chakhala, ndipo ambiri amalakwira pomwepa pofuna chitsulo chimodzi cha ponseponse.

Mu alkaline mfumu ndi nickel. Sadyeka ndi soda wotentha ndipo amathandiza kuti gasi atuluke mosavuta. Poti ndi wodula, opanga amatenga chitsulo wamba n'kuchikuta ndi nickel, koma chikutocho chikhale chochindikala ndi chopanda tizibowo, chifukwa kabowo kamodzi kamakwanira kuti dzimbiri liyambire pansi n'kutukula chikuto chonse ngati penti wa pakhoma lonyowa. Aluminiyamu, zinki ndi brass asayandikire n'komwe. Soda amadya aluminiyamu maso muli gwa, n'kumatulutsanso haidrojeni pamalo pamene simukumuyembekezera. Choncho mapaipi a galvanised, okutidwa ndi zinki, ndi mavalavu achikasu a brass a m'mahadiweya a pa boma ndi a mpope wa madzi basi. Ngakhale galasi limadyeka pang'onopang'ono ndi soda wotentha.

Mu PEM, mbali ya okosijeni ndiyo yankhanza: asidi, magetsi a pozitivu ndi okosijeni zili pamodzi. Stainless steel wosakutidwa amasungunuka pamenepo, ndipo tizitsulo tosungunukato timakalowa mu nembanemba n'kuipha. Titanium amapirira chifukwa amadzipangira kachikopa ka oxide. Vuto ndi lakuti kachikopako sikadutsitsa magetsi bwino, ndiye kakamachindikala mavoti amakwera ndipo makina amayamba kudya mayunitsi ambiri pa gasi yemweyo. Pofuna kupewa zimenezi amapaka platinum wopyapyala kwambiri pamwamba pake. Titanium alinso ndi khalidwe lina loipa: mu okosijeni wa pulesha yaikulu atha kuyaka. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene makina ambiri a PEM amapanikiza haidrojeni yekha, okosijeni n'kumusiya pa pulesha yotsika.

Pa mapaipi ndi matanki a gasi, amisiri ambiri amasankha stainless steel wa nambala 316L. Ali ndi chromium magawo 16 mpaka 18 pa 100, nickel 10 mpaka 14, ndi molybdenum 2 mpaka 3. Chilembo L chikutanthauza kuti kaboni ndi wochepa, kotero pamalo powotcherera sipachita dzimbiri msanga. Wogulitsa akangoti "ndi stainless, bwana" osakuonetsani nambala ndi pepala la ku fakitale, musagule.

Ndamva kuti haidrojeni amaswa chitsulo. Zoona?

Zoona. Tizidutswa ta haidrojeni n'tating'ono kwambiri moti timalowa m'kati mwa chitsulo, n'kukaunjikana pamene pali kamng'alu kapena pamene chitsulo chakokedwa kwambiri. Chitsulo chimene chikanapindika chimangothyoka ngati nthambi youma, popanda chenjezo. Chodabwitsa n'chakuti chitsulo cholimba kwambiri, monga cha sipuling'i ya galimoto kapena mabawuti olimbitsidwa ndi moto, ndicho chimagwidwa msanga. Chofewerapo chokhala ndi nickel wambiri, ngati 316L, chimapirira. Pulesha ikamakwera m'mawa ndi kutsika madzulo tsiku ndi tsiku, monga zimakhalira pa sola, ming'alu imakula mofulumira.

Silinda ya gasi wophikira sinapangidwire zimenezi. Thanki ya kompuresa yopopera matayala nayonso ayi, ndipo m'kati mwake mumakhala mpweya ndi oyilo. Paipi ya PVC ikaphulika ndi gasi imamwazika tizidutswa takuthwa ngati magalasi.

Amati vuto lalikulu ndi nembanemba ya pakati. Chifukwa chiyani?

Funso ili ndilo ndimafuna kuti aliyense alimvetse, ngakhale ataiwala ena onse.

Pakati pa mbali ya haidrojeni ndi ya okosijeni pamakhala chotchinga chimene chiyenera kudutsitsa magetsi koma kuletsa gasi. Kale mu alkaline ankaika asbestos, mpaka zitadziwika kuti amaononga mapapo. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito Zirfon, yopangidwa ndi Agfa kuchokera ku zirconia ndi pulasitiki wa polysulfone, yochindikala pafupifupi theka la milimita. Nafion 117 ya mu PEM ndi yopyapyala kuposa apo, sifika ndi 0.2 ya milimita. Ikapyapyala magetsi amadutsa bwino ndipo mumasunga mayunitsi, koma gasi nayenso amazemba mosavuta. Ikachindikala mumatetezeka koma mumalipira magetsi ambiri. Wopanga aliyense amayenda pakati pa ziwirizi.

Palibe nembanemba imene imatseka kotheratu. Haidrojeni pang'ono amawolokera ku okosijeni nthawi zonse, ndipo pulesha ikakwera amawoloka wambiri. Akafika magawo 4 pa 100 mu okosijeni, kamoto kakang'ono kamakwanira. N'chifukwa chake makina abwino amakhala ndi choyezera chimene chimazimitsa zonse akangofika magawo 2.

Tsopano taganizirani za kuno mu Januwale. Dzuwa laswa mtengo cha m'ma 10 koloko, makina akuthamanga, pulesha yafika 30 bar. Kenako mtambo wakuda watulukira cha ku phiri la Kasungu n'kuphimba mapanelo. Magetsi atsika, okosijeni akupangika wochepa, koma haidrojeni wozemba uja sanachepe chifukwa pulesha idakali pomwepo. Ndiye m'kati mwa okosijeni wochepayo gawo la haidrojeni limakwera. Ngozi imabwera makina akamayenda pang'onopang'ono, nthawi imene munthu amaganiza kuti zinthu zili phee. Makina a alkaline ambiri salola kutsika kupitirira magawo 10 mpaka 20 pa 100 a mphamvu yake, ena amafuna kuposa apo. Ku Gangneung, m'dziko la South Korea, mu Meyi 2019, thanki yosungira haidrojeni wochokera ku electrolyser inaphulika n'kupha anthu awiri, ndipo ofufuza anapeza kuti okosijeni anali atalowa m'thankimo. Kumeneko kunali mainjiniya ophunzira, osati ana a pakhonde.

Mankhwala ake alipo: batire pakati pa sola ndi makina kuti magetsi asamadumphedumphe, kutsitsa pulesha magetsi akachepa, platinum pang'ono m'kati mwa nembanemba kuti haidrojeni wozembayo abwerere kukhala madzi, ndi nayitrojeni wotsukira mapaipi makina akamazima kapena akamayamba. Kuzimazima kwa magetsi, kumene tinakuona kwambiri namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, kumakalambitsanso nickel wa mu alkaline, chifukwa pozima paliponse magetsi amayenda chobwerera kwa kanthawi m'maselo.

Madzi a pamjigo ndi oyera, timamwa. Sangagwire ntchito?

Sangagwire. Suzumirani mu ketulo ya kunyumba muone zoyera zimene zamatirira pansi. Zimenezo ndi calcium ndi magnesium, ndipo m'mijigo ina mulinso ayironi amene amafiiritsa ndowa. Mu electrolyser madzi amatha koma zonsezi zimatsalira ndi kuunjikana. Mu PEM zimakhala m'malo modutsa magetsi mu nembanemba, ndipo ayironi ndi kopa zimafulumizitsa kudyeka kwake. Madzi a pampope a Central Region Water Board nawonso ali ndi mchere wosungunuka ndi klorini. Pamafunika makina osefa madzi a reverse osmosis, kenako utomoni wochotsa zotsalira, mpaka choyezera mchere wa m'madzi chionetse zosakwana 1 microsiemens pa sentimita. Madzi akumwa amawerenga mazanamazana pa choyezera chomwecho. Utomoniwo umatha mphamvu ndipo uyenera kusinthidwa, ndiye muuwerengere mu bajeti ya chaka chilichonse pamodzi ndi mtengo wouitanitsa kunja.

Kalabala kotsekera ndi kanthu kakang'ono. Sindingadule ku chubu cha njinga?

Makina a mamiliyoni amaima chifukwa cha kalabala. Mulu wa maselo 50 uli ndi zotsekera zoposa 100, ndipo chimodzi chikalephera onse aima. Mu soda wotentha zimene zimapirira ndi labala wa EPDM ndi pulasitiki wa PTFE, amene ambiri amamudziwa kuti Teflon. Labala wa Viton, amene amakaniko amamutama pa oyilo ndi kutentha, sagwirizana ndi soda wotentha. PTFE naye ali ndi vuto lake: akapanikizika nthawi yaitali amaphwatalala pang'onopang'ono, mabawuti n'kukhwefuka. Ndiye pa zitsulo zazitali zomanga mulu wonse amaikapo mawashala opindika ogwira ntchito ngati sipuling'i, kuti chikatentha masana ndi kuzizira usiku wa mu Juni mphamvu yomanga isasinthe. Pomanga mumazungulira mopingasa ndi sipanala yoyezera mphamvu, osati kukoka ndi paipi mpaka kumva kulira.

Pulesha muziitsitsa pang'onopang'ono. Gasi amalowerera m'labala, ndipo mukatsegula mwadzidzidzi amafufuma m'kati n'kulitumbula matuza. Ndipo kumbali ya okosijeni musaike girisi kapena oyilo. Wowotcherera aliyense wa pa msika wa Kasungu amadziwa kuti geji ya okosijeni sigwiridwa ndi manja a oyilo, ndipo lamulo ndi lomwelo.

Pa kamangidwe, n'chiyani chimasiyanitsa makina abwino ndi oipa?

Maselo a pulesha amakonda kukhala ozungulira, chifukwa m'makona ndi mmene ming'alu imayambira. Mu alkaline pulesha ya mbali ziwiri iyenera kufanana nthawi zonse, popeza Zirfon ili ndi tizibowo ndipo mbali imodzi ikaposa inzake gasi amakankhidwira kwina. Mu PEM haidrojeni atha kukhala pa 30 bar okosijeni ali pansi, koma nembanemba iyenera kutsamira pa titanium wa tizibowo tosalala kuti isabooke. Mbali iliyonse ikhale ndi valavu yake yodzitsekukira yokha pulesha ikapyola, ndipo mapaipi otayira magasi awiriwa atulukire kutalikirana. Kutentha kuyenera kuchotsedwa, ndipo radiyeta yowerengedwera nyengo ya ku Ulaya idzalephera mu Okutobala kuno, makamaka fumbi likaitseka.

Chiwiya chatsopano amachiyesa ndi madzi, pa pulesha yoposa ya ntchito pafupifupi kamodzi ndi theka. Sayesa ndi mpweya. Madzi sapanikizika, ndiye chikang'ambika amangotsanyuka, pamene mpweya umaponya zitsulo.

Nyumba yoikamo makinawa ikhale yotani?

Haidrojeni amathawira m'mwamba, choncho denga likhale ndi potulukira pamwamba penipeni, popanda siling'i yomutsekereza. Anthu a kuno amene anamangapo balani ya fodya amadziwa kale kuyendetsa mpweya kuchokera pansi kukatulukira pamwamba. Mu mpweya wamba amayaka kuyambira magawo 4 mpaka 75 pa 100, alibe fungo, ndipo lawi lake masana silioneka bwino. Muike choyezera gasi kudenga, maswichi ndi mababu wamba akhale kunja, zitsulo zonse zilumikizidwe ku nthaka, ndipo pakhale chotetezera mphenzi. Pofufuza podontha gwiritsani ntchito thovu la sopo. Ngati ndi alkaline, pakhomo pakhale madzi ambiri otsukira m'maso, magalasi ndi magolovesi.

Bambo, gulu lathu likufuna kugula makina aang'ono. Timufunse chiyani wogulitsa?

Opanga amalonjeza maola masauzande makumi angapo, ndipo a alkaline ena amatchula 60,000 mpaka 90,000. Chaka chili ndi maola 8,760, ndiye muwerengere nokha. Koma mufunse ngati maolawo anayezedwa pa magetsi osaduka kapena pa sola. Mufunse mlingo wotsikitsitsa umene makina angayendere ali pa pulesha yonse, ndi chimene amachita okha magetsi akaduka mwadzidzidzi popanda munthu pafupi. Akuonetseni choyezera haidrojeni mu okosijeni, akuuzeni kuti chimafuna kukonzedwanso pakapita miyezi ingati ndiponso adzachikonza ndani kuno ku Malawi. Mupemphe pepala losonyeza kuti makinawo akutsata ISO 22734, muyezo wa makina opanga haidrojeni pogawa madzi, ndi pepala la mayeso a thanki. Musanalipire kambiranani ndi a Malawi Bureau of Standards ndi a MERA. Zotsekera zapadera, utomoni wa madzi ndi silinda ya nayitrojeni zibwere limodzi ndi makinawo pa ulendo woyamba, ndipo mayina a labala ndi nambala za zitsulo zilembedwe m'pangano logulira.